Kodi boma litengenso MTL? Funsoli likukhudzanso a ku Kachulu ndi ku Chisi

Nkhani yoti kampani ya lamya ya Malawi Telecommunications Limited, imene ambiri amangoitchula kuti MTL, ibwerere m'manja mwa boma inamveka kwambiri m'chaka cha 2024, kutadziwika kuti Press Corporation ikufuna kugulitsa magawo ake okwana 52.7 pa 100 alionse m'kampaniyo. Ena anaomba m'manja nati chuma cha fuko chikubwerera kwa eni ake. Ena anadandaula kuti okhoma msonkho akusenzetsedwa mtolo umene amalonda autula. Kwa msodzi wa padoko la Kachulu kapena mlimi wa mpunga wa ku Likangala, mkanganowu ukhoza kuoneka ngati wa anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pakuti ndi ochepa kuno amene anakhalapo ndi lamya ya m'nyumba. Koma ndalama zogulira ndi kuyendetsera kampani ya boma zimatuluka m'thumba lomwelo limene limagula mankhwala a m'zipatala ndi choko cha m'sukulu. Tsono funsoli ndi lathunso.

Tiyambe ndi kumene kampaniyi inachokera. Kale makalata ndi lamya zinali pansi pa bungwe limodzi la boma. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA kuti liziyang'anira ntchitozi, ndipo m'chaka cha 2000 positi ofesi inapatukana ndi lamya, nkubadwa MTL. Inali nyengo imene mabungwe obwereketsa ndalama, monga Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ankaumiriza maiko osauka kuti agulitse makampani a boma. M'chaka cha 2005 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anayamba waimitsa malondawo ponena kuti mtengo wachepa, koma pambuyo pake analola. Magawo 80 pa 100 alionse anagulitsidwa pa mtengo wa madola 30.7 miliyoni kwa gulu la makampani lotsogozedwa ndi Press Corporation, momwe munalinso Old Mutual ndi NICO, ndipo a Detecon a ku Germany anabwera ngati akatswiri oyendetsa ntchito. Boma linatsala ndi magawo 20.

Amene akunena kuti kugulitsako ndiko kunafooketsa MTL akuiwala chinthu chimodzi. Pamene malondawo ankachitika, lamya ya m'manja inali itayamba kale kulanda msika. TNM inayamba ntchito pakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel, imene lero ndi Airtel, inafika mu 1999. Munthu amene ankadikira miyezi kuti amukokere nthambo kunyumba anapeza kuti akhoza kugula foni ndi mayunitsi tsiku lomwelo. Pamwamba pa izo, akuba anasautsa kampaniyi pofukula ndi kudula nthambo zamkuwa kukagulitsa ngati zitsulo zakutha. Lamya za m'nyumba zinachepa m'maiko ambiri a mu Africa, za boma ndi za amalonda zomwe.

Chofunika kwambiri kuchimvetsa ndi chakuti MTL ya lero si MTL imene inagulitsidwa ija. Pa nthawi ya malondawo kampaniyi inali ndi gawo lalikulu mu TNM, koma TNM inakhala kampani yoima payokha ndipo inalowa pamsika wa masheya m'chaka cha 2008. Nthambo zamakono zonyamula intaneti pakati pa mizinda, zimene MTL inayala ndi ndalama zambiri, zinapatulidwa mu 2016 nkuikidwa m'kampani ina yotchedwa Open Connect Limited. Kunena mwa chikwathu, ng'ombe zamkaka zinatuluka kale m'khola. Wogula MTL amapeza dzina, malaisensi, nyumba ndi malo, antchito, makasitomala a m'maofesi, pamodzi ndi ngongole ndi zipangizo zofuna kusintha. Zipangizozo zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, zomwe zakhala zikusowa m'dziko muno. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023.

Anansi athu a ku Zambia anayendapo kale njira imeneyi. Mu 2010 boma la Rupiah Banda linagulitsa magawo 75 pa 100 a Zamtel kwa kampani ya LAP Green ya ku Libya pa madola 257 miliyoni. Michael Sata atalowa m'boma analanda kampaniyo mu Januwale 2012, ponena kuti malondawo sanayende mwachilungamo. Anthu ambiri anakondwa. Koma mu 2017 khoti la ku London linalamula Zambia kuti ilipire chipukuta misozi cha madola 380 miliyoni, ndipo Zamtel inapitirira kutsalira kumbuyo kwa MTN ndi Airtel. Nkhani ya MTL ndi yosiyana chifukwa kuno mwini magawo ndiye anafuna kugulitsa, motero za milandu ngati imeneyo palibe. Komabe phunziro lina likutsala: kubwerera ku boma sikunathandize kampaniyo kupambana anzake pamsika.

Mbiri ya kwathu konkuno sikulimbitsanso mtima. Air Malawi inathetsedwa mu 2013 itamira m'ngongole. ADMARC, imene alimi a m'mbali mwa Chilwa ankagulitsako mpunga ndi kugulako chimanga, inatsekedwa kwa kanthawi mu 2022 ndipo antchito ake anachotsedwa. Nthambi za boma zili ndi chizolowezi chochedwetsa mabilu a madzi ndi magetsi, ndipo kampani imene mwini wake ndiyenso kasitomala wosalipira imavutika kuti imudulire.

Ngakhale zili choncho, mfundo ya ofuna kuti boma likhale ndi dzanja pa ntchito za lamya si yopepuka, ndipo nyanja ya Chilwa ikuionetsa bwino. Wamalonda amamanga nsanja pamene pali anthu ambiri ogula mayunitsi chaka chonse. Kuno chiwerengero cha anthu chimakwera ndi kutsika pamodzi ndi madzi: matemba, mlamba ndi makumba zikachuluka, madoko amadzaza, nyanja ikaphwa, monga mu 1995 ndi 2018, asodzi ndi ogula nsomba amabalalika. Asodzi ena amakhala masabata m'zimbowera pakati pa mabango, kutali ndi kumtunda, ndipo a pachilumba cha Chisi amadalira boti kuti afike ku Kachulu. Anthu amenewa lamya ndi moyo kwa iwo. Ndi imene imauza achipatala msanga kolera akabuka, monga anachitira panyanjayi mu 2015 ndi 2016. Ndi imene imanyamula chenjezo la madzi osefukira, monga pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ndi imenenso imathandiza mayi wogulitsa nsomba zouma kudziwa mtengo wa ku Limbe asanakweze katundu, ndi kulandira ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money m'malo moyenda nazo m'chikwama. Apa phindu la fuko ndi lalikulu kuposa phindu limene kampani ingalembe m'mabuku ake, ndipo malo otere ndi amene boma liyenera kulowererapo.

Koma kodi chida chake ndi MTL? Boma lili kale ndi zida ziwiri. Lamulo la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, limene makampani a lamya amasonkhako ndalama zofikitsira netiweki kumadera osapindulitsa. Boma linayalanso nthambo zake za intaneti kudzera ku ESCOM, pa ngongole ya ku China, ntchito imene a Huawei anayamba mu 2017. Kwacha iliyonse yopita kukabweza ngongole zakale za MTL ikanatha kumanga nsanja yoyendera dzuwa imene TNM ndi Airtel akanaigwiritsa ntchito limodzi.

Maganizo athu ndi akuti MTL ya boma ikhoza kukhala ndi tanthauzo ngati ipatsidwa ntchito imodzi yomveka: kuphatikiza katundu wake ndi nthambo za boma zija, kufikitsa intaneti kuzipatala zazing'ono ndi sukulu za kumudzi, ndi kubwereketsa nsanja kwa makampani ena pa mtengo wotsika. Kuyesa kupikisana ndi TNM ndi Airtel pogulitsa mayunitsi m'tauni kungangotaya ndalama. Aphungu a madera a kwa Mwambo, kwa Kuntumanji ndi kwa Mkumbira ali ndi ufulu wofunsa m'Nyumba ya Malamulo mtengo wa magawowo, kukula kwa ngongole zotsagana nawo, amene amasankha akuluakulu a kampaniyo, ndiponso ndalama zimene thumba la MACRA lija lagwiritsapo ntchito m'boma la Zomba chikhazikitsidwire.