Mabuku a Zinenero za Kompyuta Afike ku Rivirivi

Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Folomu 4 m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, m'boma la Balaka limene linapatuka ku Machinga m'chaka cha 1998, amamva kawirikawiri kuti ntchito za masiku ano zili pa kompyuta. Koma sauzidwa kuti luso lolemba malamulo amene kompyuta imatsata likhoza kuyambira m'buku, ngakhale pamudzi popanda magetsi.

Alipo ena amene amati buku n'lachikale popeza maphunziro onse ali pa intaneti. Anthu otere amaiwala kuti kuonera maphunziro pa foni kumadya ndalama tsiku ndi tsiku, pamene buku limagulidwa kamodzi ndipo anthu khumi akhoza kubwerekana. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atalekezera sukulu panjira chifukwa chosowa fizi, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo m'chaka cha 2002 atawerenga mabuku a m'laibulale yaing'ono ya kwawo.

Wophunzira ayenera kuyamba ndi HTML, imene imaimika tsamba la pa intaneti monga nsanamira za nyumba. CSS imalikongoletsa, ndipo JavaScript imalichititsa kuyankha munthu akadina. Wofuna kupitirira apo aphunzire Python, chinenero chimene Guido van Rossum anatulutsa m'chaka cha 1991, chimene malamulo ake savuta kuwerenga. Al Sweigart, mlembi wa Automate the Boring Stuff with Python, ndi Marijn Haverbeke, mlembi wa Eloquent JavaScript, analola kuti mabuku awowa aziwerengedwa kwaulere pa intaneti.

Komabe si buku lililonse la kompyuta limene lili lothandiza. Eni ake a Python 2 analeka kuisamalira mu Januwale 2020, ndipo Adobe Flash inatha kumapeto kwa chaka chomwecho. Mphunzitsi wamkulu akalandira katoni ya mabuku a mphatso, ayambe waona chaka chimene buku lililonse linasindikizidwa, kuopa kuti ana angataye miyezi pa zinthu zimene palibenso wozigwiritsa ntchito.

Kuwerenga kokha sikukwana. Wophunzira alembe malamulowo m'kope, awatsate mzere ndi mzere, alosere chimene kompyuta idzayankha, kenaka akayese pa kompyuta ya kusukulu kapena pa foni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene wazolowera kusaka yekha cholakwa papepala savutika akakhala pa makina.

Chopinga chachikulu ndi Chingerezi cha m'mabukuwa, chimene chimabweza ana ambiri anzeru. Ku Balaka kuli Montfort Media, imene yakhala ikusindikiza mabuku ndi magazini kwa zaka zambiri. Aphunzitsi a phunziro la kompyuta a m'sekondale za ku Balaka ndi Machinga akhale pamodzi, alembe kabuku kofotokoza HTML ndi Python m'Chichewa, ndi zitsanzo za mitengo ya thonje ndi kaundula wa kalasi, ndipo akasindikize pa mtengo umene mlimi wa ku Utale angakwanitse kugulira mwana wake.