ZA PAKHOMO PATHU: Agalu a khomo limodzi akamalumana

Sabata ino nkhani yathu ili pa Nkholongue, mudzi wa m'mbali mwa nyanja kumwera kwa Metangula m'boma la Lago, ndipo ikukhudza chiweto chimene ambiri timachiyesa chopanda pake: galu.

Pa Nkholongue, monganso m'midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja, galu ali ndi ntchito yake. Chinangwa chikakhwima, anyani amatsika m'mapiri masana ndipo nguluwe zimabwera usiku. Usipa ukayanikidwa pa thandala, pamafunika maso. Galu mmodzi sangalondere munda ndi khomo nthawi imodzi, n'chifukwa chake makomo ena amaweta awiri kapena atatu. Tsono vuto limabwera pamene alonda aja asiya anyani n'kuyamba kung'ambana okhaokha pabwalo, pomwe pakusewera ana.

Zikatero ena timati, "Asiyeni, adziwana okha wamkulu ndani." Ena timathamangira chibonga. Njira zonse ziwirizi sizithandiza. Ndewu ya agalu a khomo limodzi siigwa ngati mphezi. Ili ndi poyambira pake, ndipo poyambirapo nthawi zambiri pali m'manja mwa mwini khomo.

Amalimbirana chiyani?

M'chaka cha 2011 madokotala a ziweto a pa yunivesite ya Tufts ku America adafalitsa zimene adapeza atafufuza nkhani 38 za agalu awiriawiri a nyumba imodzi amene ankamenyana. Pa nkhani 38 zija, 30 zidali za agalu ofanana, amuna okhaokha kapena aakazi okhaokha. Kawirikawiri woyambitsa ndewu adali galu wamng'ono msinkhu kapena wobwera kumene pakhomopo. Zoyambanira zake zidali chakudya, kulimbirana mbuye wawo, phokoso ndi chisangalalo, ndiponso kanthu kotola. Agalu a ku America amagona m'nyumba, athu amagona pa phulusa, koma mtima wa galu ndi umodzi. Tiyeni tizione zimenezi monga zimachitikira kwathu kuno.

Choyamba ndi chakudya. Pakhomo pathu galu amadya mkute wa kondowole, makoko a m'poto ndi zotsala za ndiwo. Mayi akamatumbula kampango, amaponya mutu umodzi pakati pa agalu atatu anjala. Mutu umodzi, pakamwa patatu: ndewu tayiitana tokha. Galu amene sakhuta amateteza chilichonse chogwa pansi, ngakhale fupa louma.

Chachiwiri ndi msinkhu. Kagalu kamene mudakatenga kali kakang'ono kamagonjera galu wamkulu popanda vuto. Koma pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu kamakhwima, n'kuyamba kukana kusuntha pa mthunzi kapena pa khonde. Nthawi yomweyo wamkulu uja mphamvu zikutha. Akuluakulu adati atambala awiri salira m'khola limodzi. Makomo ambiri amadabwa kuti agalu amene adakula bwinobwino limodzi ayamba kudana. Sikuti alodzedwa ayi, wamng'onoyo wakula.

Chachitatu ndi galu wamkazi. Iyeyu amafuna mphongo kamodzi kapena kawiri pa chaka, kwa masabata awiri kapena atatu. Masiku amenewo fungo lake limaitana agalu a mudzi wonse, ndipo amphongo a khomo limodzi amaiwala kuti ndi pachibale. Akatenga bere, amaswa patatha masiku pafupifupi 63. Mkota woyamwitsa salola mnzake kuyandikira ana ake. Musapusitsidwe poganiza kuti aakazi ndi ofatsa. Aakazi awiri akadana, chidani chawo chimavuta kuthetsa kuposa cha amphongo.

Chachinayi ndife eni ake. Bambo akamachokera kunyanja m'mamawa atanyamula nsomba, agalu onse amamuthamangira, kudumphadumpha ndi kukankhana pa kanjira kopanikiza. Pamenepo mmodzi akaponda mnzake, moto wayaka.

Chachisanu ndi matenda. Galu wa chilonda, wa dzino lowawa, wa mphere kapena wa nkhupakupa zodzaza m'makutu amapsa mtima msanga. Paja galu wamkota sakandira pachabe. Galu wofatsa akasintha mwadzidzidzi, muyang'aneni thupi lonse musanamuweruze.

Kuzimitsa moto usanayake

Galu aliyense akhale ndi phale lake. Mapalewo muwaike motalikirana, wina kuseri kwa khitchini wina kutsogolo kwa nyumba, kuti podya asaonane. Munthu wamkulu aimirire pomwepo mpaka amalize, kenaka achotse mapalewo. Ntchito imeneyi isasiyidwe m'manja mwa ana. M'midzi yathu ya kumwera kwa Metangula, kumene Asilamu ali ambiri, n'chizolowezi kale kuti galu asanyambite mbale ya anthu. Chizolowezi chimenecho n'chabwino. Tingoonjezerapo kuti phale la galu wina lisakhale la mnzake.

Mitu ndi matumbo a nsomba musamaponye pakati pa gulu. Ngati zilipo zokwanira, gawani m'mapale. Ngati n'zochepa, patsani mmodzi ali payekha, kapena kwirirani m'dzenje lakuya.

Khalani ndi ndondomeko yosasintha. Ngati wamkulu akadali ndi mphamvu, muziyamba iyeyo pomupatsa chakudya ndi pomuitana, masiku onse, ndipo banja lonse lichite chimodzimodzi. Bambo akamakondera uyu, mayi uyo, ana winanso, agalu amasokonezeka. Muwaphunzitsenso kudikira. Gwirani phale m'manja mpaka galu akhale pansi phee, ndiye muike. Pa masiku ochepa amadziwa kuti chakudya chimabwera ndi kufatsa, osati ndi kulanda.

Wamkazi akayamba kufuna mphongo, mutsekereni payekha m'kanyumba kolimba kapena mu mpanda, ndi madzi ake ndi mthunzi, mpaka nyengoyo ithe. Akaswa, mumupezere malo obisika kumene agalu ena ndi ana a anthu safikako. Amphongo ovutitsa angathe kufulidwa. Kufula kumachepetsa kuyendayenda ndi kulimbirana akazi, ngakhale sikuchotsa chizolowezi chimene chakhazikika kale. Ntchitoyi ndi ya alangizi a ziweto, osati ya lezala la pakhomo. Kafunseni ku ofesi ya SDAE ku Metangula, yomwe imayang'anira za ulimi ndi ziweto m'boma lathu.

Mukafuna kuonjezera galu wachiwiri, ganizani kaye. Wamwamuna ndi wamkazi amagwirizana msanga kuposa aakazi awiri. Tsiku loyamba musangomutula pabwalo la mwini malo. Akakumanire kunjira kapena kumchenga, aliyense pa chingwe chake, anunkhizane, ayende limodzi, kenaka alowe pakhomo.

Phunziraninso kuwerenga thupi la galu, pakuti iye amachenjeza asanalume. Amauma thupi, ubweya wa pamsana umaimirira, mchira umakwera, amayang'anitsitsa mnzake osaphethira, amadzuma n'kuonetsa mano. Mukaona zimenezi, itanani mmodzi ndi mawu odekha, mumuchotse pamalopo. Musamumenye chifukwa chodzuma. Galu womenyedwa pa kudzuma amaleka kuchenjeza, koma saleka kuluma. Tsiku lina adzangoti khwaphu popanda mawu. Chibonga chimamuphunzitsa kuopa inu, ndipo mantha amenewo amakathera pa mnzake kapena pa mwana.

Ndewu ikabuka

Lamulo loyamba n'lakuti dzanja lisalowepo. Galu ali pa ndewu sazindikira mbuye wake. Amene amagwira khosi kapena chingwe cha m'khosi ndiye amalumidwa. Chotsani ana msanga, muwalowetse m'nyumba. Kukuwa ndi kuponya miyala kumangokolezera.

Thirani ndowa ya madzi kumaso kwawo. Menyani chitini kapena beseni pafupi nawo. Lowetsani thabwa, chitseko kapena nkhafi ya bwato pakati pawo, kapena aponyereni chiguduli kumutu. Zikakanika, akuluakulu awiri, osati mmodzi, agwire miyendo yakumbuyo ya agaluwo nthawi imodzi, aikweze m'mwamba, n'kubwerera chambuyo. Njira imeneyi ndi yotsiriza chifukwa galu angathe kutembenuka. Ngati wina wagwira mnzake osataya, musakoke mwamphamvu, mungang'ambe mnofu. Muthireni madzi m'mphuno ndi m'kamwa mpaka atsegule.

Mukawalekanitsa, amangeni kutali, asaonane kwa masiku angapo. Tsukani mabala awo ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono. Dzino la galu limaboola pang'ono pamwamba koma mkati limapita kutali, choncho bala likatupa kapena kununkha, itanani alangizi. Powabwezera pamodzi, yambani ndi kuyenda nawo pa chingwe, kanthawi kochepa tsiku lililonse. Dziwani kuti ndewu iliyonse imene mwailekerera imakonza njira ya ndewu ina yoposa.

Pamene nkhani isanduka ya moyo wa munthu

Abale anga, chimene ndalembera zonsezi si chisoni cha agalu chokha. Ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia. Pa anthu 100 ogwidwa chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo pa anthu 100 olumidwa, pafupifupi 40 ndi ana osakwana zaka 15. Kachilombo kake kamakhala m'malovu. Galu wanu akalumana ndi galu wachilendo kumunda, n'kudzalumana ndi anzake pakhomo, inu n'kulowetsapo dzanja, onani mtunda umene malovu aja ayenda.

Chiwewe chimabisala m'thupi, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina mpaka chaka. Zizindikiro zikangoonekera, palibe chipatala kapena sing'anga amene angachiritse. Koma zisanaonekere, katemera amapulumutsa. Katemerayu si wa dzulo. Louis Pasteur wa ku France adamugwiritsa ntchito koyamba pa mnyamata wolumidwa ndi galu mu July 1885, ndipo mnyamatayo adakhala ndi moyo.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musathire tsabola, phulusa, mafuta a injini kapena ubweya wa galuyo. Tsiku lomwelo pitani kuchipatala ku Metangula, ndipo akakutumizani ku Lichinga, pitani, ngakhale bala likhale laling'ono. Ndalama ya ulendo ndi yowawa, koma siiposa ya maliro. Majekeseni onse amene akuuzani mumalize. Galu wolumayo mumangeni pamalo otetezeka, muzimupatsa chakudya ndi madzi, mumuyang'anire masiku 10, ndipo mudziwitse alangizi a ziweto. Koma wolumidwayo asadikire masiku 10 amenewo ali pakhomo.

Chenjerani ndi galu amene wasintha khalidwe popanda chifukwa, akuluma mitengo ndi miyala, akuchucha dovu, mawu asintha, chibwano chalendewera kapena miyendo yakumbuyo yalefuka. Ameneyo si wa ndewu wamba. Musamugwire, ndipo musapise m'kamwa mwake poganiza kuti watsamwa ndi munga wa nsomba. Uzani amfumu ndi alangizi mwamsanga.

Mankhwala enieni ndi kubayitsa agalu. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 alionse a m'dera akalandira katemera, chiwewe chimasowa poyenda. Tsidya lina la nyanja zidachitika. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma la Malawi, lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Chaka chomwecho mabungwe a dziko lonse adagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu, ndipo pa 28 September chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira nkhondo imeneyi. Choncho mukamva kuti obaya agalu afika, musatengere mmodzi yekha wofatsayo n'kusiya wolusa kumunda. Tengani onse, chaka ndi chaka. Amfumu ndi akuluakulu a mizikiti ndi matchalitchi angathandize polengeza tsikulo.

Zikakanika

Alipo agalu ena amene sangakhalenso pamodzi ngakhale mutachita zonsezi. Ngati akhetsana magazi kangapo, kapena wina akuonda ndi kubisala chifukwa cha mantha, kapena mwana walumidwapo pa ndewu yawo, alekanitseni mpaka kalekale. Wina akakhale kumunda wina pakhomo, kapena mumupereke kwa mbale wa mudzi wina amene alibe galu. Muuzeni mbaleyo zoona zake za khalidwe la galuyo ndiponso ngati adabayidwa. Kukamutaya kuthengo ayi, pakuti galu wosowa mwini ndiye amadzabwerera kumudzi ndi matenda.

Walira mvula walira matope. Amene wafuna alonda awiri avomerenso mapale awiri, zingwe ziwiri ndi katemera wa agalu awiri. Ngati chakudya cha pakhomo chikukwanira galu mmodzi, wetani mmodziyo, akhute, alondere bwino. Madzulo ano, mayi akamachotsa mbale, taimani pang'ono muone mmene agalu anu akudyera. Pamenepo ndi pamene mudziwe ngati pakhomo panu pali mtendere.