Lupanga kapena mkondo? Mkangano wa pampando wakumbuyo

Loweruka lapitali ndinakwera basi pa Chongwe kupita m'tauni ndili ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa kusekondale. Iye anathamangira kumpando wakumbuyo kumene kunali mnzake. Tisanafike ndi pa Silverest pomwe, mkangano unali utabuka kale.

"Iwe, nkhwangwa ndiye ipaya mwamsanga."

"Boza boyi! Lupanga yanga ikakumenya kamozi chabe, wagona."

Mayi wina amene anali pambali panga anakumbatira chikwama chake, n'kundinong'oneza kuti, "Bambo, aba bana si majanki aba?" Ndinaseka mpaka kondakita anatembenuka. Ndinawauza mayiwo kuti mitima pansi, ana awa sanagwirepo ngakhale chikwanje cholimira. Nkhondo zawo zonse zimachitikira papepala ndi pakompyuta yakale imene batire lake linafa kalekale.

Kwa inu amene simunazionepo, pali masewera amene munthu amadzipangira ngwazi yakeyake, n'kuipatsa dzina, mtundu ndi luso, kenako n'kuyenda nayo m'dziko longopeka lodzaza zilombo, afiti ndi mafumu. Kholo la masewera onsewa ndi Dungeons & Dragons, amene anatuluka ku America mu 1974, opangidwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Safuna magetsi amenewa: pepala, pensulo, madayisi ndi munthu mmodzi wodziwa kusimba nkhani, basi. Anyamata akwathu anawayamba mu 2024, chaka chimene madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti ankangobwera ngati mlendo. Wina anakopera malamulo aulere pa intaneti, madayisi n'kumaponyera pafoni. Malaiti akabwera amasamukira pakompyuta, pa gemu yotchedwa Skyrim.

Ndiye funso limene limawadyera nthawi ndi ili: ngwazi yako idziwike ndi chida chanji?

Ine maganizo anga ali pawiri, ndipo oyambawo ndi osavuta. Sankha chida chimodzi, ukhale nacho. Mu Skyrim muli maluso 18, ndipo luso limakula ukamaligwiritsa ntchito. Ukakwera sitepe imodzi amakupatsa pointi imodzi yokha yoti uike pamene wafuna. Mwana wa mlongo wangayu poyamba ankamwaza mapointi ngati mpunga wa paukwati: lero uta, mawa lupanga, mkuja matsenga a moto. Atafika pakati pa ulendo anapeza kuti adani akula mphamvu pomwe iye sanakhwime pa chilichonse. Akuluakulu ananena kale za pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma, amene anagwa chagada. Opanga magemu amadziwa zimenezi, ndipo amachitira dala. Mu Elden Ring, gemu ya ku Japan ya mu 2022, chida wamba chimanoledwa mpaka kufika pa 25, koma miyala yonolera yapamwamba kwambiri ndi yowerengeka, moti sungakhwimitse zida zonse zimene watola. Mu Monster Hunter muli mitundu 14 ya zida, ndipo osewera amadzitchula ndi chida chawo monga mmene ife timanenera kuti uyu ndi wa Zanaco, uyu ndi wa Nkana.

Pamenepa anyamatawo sanditsutsa. Mkangano wathu uli pa mfundo yachiwiri: n'chifukwa chiyani aliyense amathamangira lupanga?

Ndinawafunsa tili pa Waterfalls, basi itaima kudikira kuti idzaze. Pagulu lawo la anthu asanu, atatu ali ndi malupanga. Wina lalitali la asilikali akale a ku Ulaya, wina katana ya ku Japan, wina chilupanga chachikulu kuposa mwini wake. Wachinayi ndi uja wa nkhwangwa, wachisanu ndi mfiti. Wa mkondo palibe. Nditafunsa chifukwa, mwana wa mlongo wanga anati, "Amalume, mkondo ni ya ma guard. Ba hero sibanyamula mkondo."

Mawu amenewo anandikhala pamtima ulendo wonse. Mwanayu agogo ake aamuna ndi Mngoni wa ku Chipata. Chaka chilichonse kumapeto kwa February amaonera Nc'wala ya ku Mtenguleni pa TV, amaona amuna atanyamula zishango, zibonga ndi mikondo pamaso pa Mpezeni, ndipo amanyadira. Koma akakhala pansi kuti apange ngwazi ya m'maloto ake, amaipatsa chida cha anthu a kutsidya kwa nyanja. Sanachite kusankha yekha zimenezo, anamusankhira ena.

Taonani mmene malamulo analembedwera. Mu Dungeons & Dragons ya masiku ano, mkondo anauika m'gulu la zida wamba zimene pafupifupi aliyense atha kugwira, pamodzi ndi chibonga ndi chikwakwa. Mtengo wake ndi ndalama imodzi yagolide. Lupanga lalitali ndi 15, chilupanga cha manja awiri ndi 50, ndipo onsewa ali m'gulu la zida za akatswiri a nkhondo. Ukabaya ndi mkondo umaponya dayisi la mbali 6, pomwe wa lupanga amaponya la mbali 8. Mu Skyrim zinafika poipa: mkondo woti ngwazi yako inyamule mulibemo, chonsecho mu Morrowind, gemu ya kampani yomweyo ya mu 2002, unalimo ndi luso lakelake. Mwana akamakula akuona zotere amangoti ndi mmene dziko lilili.

Koma mbiri ya nkhondo sikuvomereza. Asilikali a ku Girisi wakale ankamenya nkhondo ndi mikondo ndi zishango, lupanga linali lothandizira mkondo ukathyoka. Alexander anagonjetsa Perisiya ndi magulu onyamula mikondo italiitali. Ngakhale ku Japan kwa katana komweko, pabwalo la nkhondo zida zikuluzikulu zinali uta ndi mkondo. Kuno kwathu, Shaka amakumbukiridwa ndi mkondo waufupi wobayira pafupi, ndipo Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 ali ndi kamenyedwe komweko. Lupanga linatchuka chifukwa linali lodula, chida cha mabwana, ndipo nkhani zambiri zimasimba za mabwana.

Mnzake wa mnyamatayu ndi wochenjera. Anandiyankha kuti, "Manje ba uncle, mikondo yamene iyo sinaluze kuli bazungu?" Zoona, inaluza. Mu 1898 ankhondo a Nsingo, mwana wa Mpezeni, anagonja kwa asilikali a Britain, ndipo Nsingo anaphedwa. Koma chimene chinawagonjetsa ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Bwenzi atanyamula katana zinthu zikanatha chimodzimodzi. Ndipo m'dziko la zinjoka zolavula moto mulibe Maxim.

Anabweranso ndi ina, yakuti manambala sanama, 8 ndi wamkulu kuposa 6. Apa ndinavomera, koma tinawerengera limodzi. Dayisi la mbali 6 pakatikati pake limapereka 3 ndi theka, la mbali 8 limapereka 4 ndi theka. Kusiyana kwake ndi pointi imodzi pa kubaya kulikonse. Posinthana ndi pointi imodziyo, mkondo umatha kuuponya mdani akadali patali, zimene lupanga silichita bwino. Ukaugwira ndi manja awiri umakwera kufika pa dayisi la 8 lomwelo. Ndalama 14 zimene wapulumutsa ugula nazo chishango, chimene ndi 10, n'kutsala ndi chenji. Mu Elden Ring wa mkondo amatha kubaya chishango chili chikwezere, pomwe wa chilupanga amayenera kudziulula kaye kuti amenye. Amene mumayenda mu Lumumba Road madzulo mukudziwa ubwino wosunga dzanja limodzi pathumba.

Pali chinanso chimene makolo tiyenera kuchiyang'anitsitsa, chifukwa apa ndiye pamalowa kwacha yeniyeni. Magemu ambiri a pafoni ndi aulere polowa, koma zida zonyezimira amagulitsa, ndipo nthawi zambiri sugula chidacho mwachindunji. Umagula mwayi woponya maere, mwina chituluke mwina ayi. Mwana amene sanakhazikike pa chida chimodzi ndiye kasitomala wabwino wa anthu amenewa, chifukwa mwezi uliwonse amatulutsa lupanga latsopano loposa la mwezi watha. Mlongo wanga anazindikira mochedwa kuti ndalama ya mufoni mwake imene ankati ikuthera mabandulo a sukulu inkathera maere otere. Panali misozi pakhomo, ndipo foni inalandidwa mwezi wathunthu. Kusiyana kwa kameneka ndi kubetcha mpira ine sindikuona kwenikweni, kungoti uku ngakhale wawina sulandira ngwee. N'chifukwa chake masewera apapepala aja ndimawakonda: chida chako umalemba ndi pensulo, ndipo palibe amene angakugulitse china.

Sindikunena kuti mwana wa ku Chongwe aletsedwe kukonda katana. Ifenso tinakulira mafilimu a Bruce Lee m'tinyumba ta vidiyo, tinkapanga manchaku ndi zigogo za tsache, ndipo sitinasanduke Matchaina. Chimene chimandiwawa ndi choti asaone n'komwe kuti mkondo, chibonga, kankhwangwa ka pamapewa ka agogo ake, ngakhale legeni, zitha kukhala zida za ngwazi. Ena ayamba kale kuzichita. Ku Cameroon kampani ya Kiro'o Games inatulutsa Aurion mu 2016, gemu yozikika pa miyambo ya mu Africa. Mu 2024 kunatuluka Tales of Kenzera: Zau, ya Abubakar Salim, imene ngwazi yake ndi sing'anga wachinyamata. Ndipo papepala sufunika kudikira kampani iliyonse. Wosimba nkhani atha kuika ufumu wake m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe, mfumu yake n'kukhala mayi monga zilili kwa Asoli ndi a Nkomeshya Mukamambo II, chilala n'kukhala mdani wamkulu, ulendo n'kukhala wokapempha mvula ngati pa Chakwela Makumbi.

Tinatsika m'tauni mkangano usanathe. Pobwerera madzulo, tili pamzere wa magalimoto pa Munali, mnyamata uja anatulutsa pepala lopindapinda m'thumba n'kundibwereka bolopeni. Anati lupanga lake salisiya, walivutikira miyezi yambiri. Koma gulu lawo likufuna munthu wachisanu ndi chimodzi, ndipo ngati ndikulimbikira za mkondo, ndibwere ndekha Lamlungu ndidzauonetse. Anandifunsa dzina la ngwazi yanga. Ndinatchula la agogo ake, iye n'kulemba, kenako anandiuza kuti mlendo ndiye amabweretsa maputi a gulu lonse.