Basi ikagwa ku Kacholola, wokuwa maningi sayamba kuthandizidwa

Imwe amene mukwera basi pa Intercity kupita ku Nc'wala kapena kukaona ba ambuya ku Petauke, njira muidziwa. Mukaoloka mlatho wa Luangwa, msewu wa Great East uyamba kukhotakhota m'mapiri, ku Kacholola kuja kumene na ba kondakita nthabwala zimawathera. Mtima ukhala pansi pokhapo mukafika pa Nyimba n'kugula nthochi pa windo.

Manje basi yodzaza ikagwa m'mapiri muja, ovulala sapita ku UTH. Nyimba ili makilomita oposa 300 kuchoka ku Lusaka. Oyamba kuwalandira ni ba nasi na ba dokota a pa Nyimba District Hospital, ndipo akachuluka, ena awathamangitsira ku Petauke, kumene kuli Kalindawalo General Hospital na Minga Mission. Chipatala cha boma laling'ono sichikhala na anthu okwana kulandira ovulala makumi angapo pa ola limodzi. N'chifukwa chake kukonzekera kwao kuyambira pa kusankha, chimene iwo atchula triage.

Apa ndiye anthu amakwiya, ndiye mvetserani. Nasi ayang'ana aliyense mwamsanga n'kumupatsa mtundu. Red ni amene afa manje manje ngati sathandizidwa: sapuma bwino, kapena magazi atuluka osaleka. Yellow wavulala zoona koma angadikire pang'ono. Green ayenda yekha. Black ni amene watisiya kale. Mnyamata amene akuwa ati "mwendo wanga, mwendo wanga" apuma bwino, ndiye chake akwanitsa kukuwa. Mayi amene wagona zii pakona, maso ali gwa, ndiye angakhale akutha magazi mkati. Nasi akamudutsa m'bale wanu kupita kwa mayi uja, sikuti ni mwano kapena afuna ka something. Agwira nchito yake bwino.

Chimene chionongera ba nasi ni ife. Khamu pa geti, ambulansi ilephera kulowa. Abale khumi pa bedi imodzi. Na aja a mafoni, kujambula munthu ali m'magazi kuti aike pa Facebook, mpaka mkazi wake ku Chawama amvera pa WhatsApp kuti wafedwa. Zimenezi ine sindizikhululukira, olo mukhale na ma followers angati. Pa msewu naponso: wovulala khosi kapena msana osamunyamula ngati saka ya chimanga, ndipo osamumwetsa madzi, angafunike opareshoni. Tsindikani nsalu yoyera pa bala, tumani foni ku 991 kwa ba polisi kapena 983 ku RTSA.

Koma chachikulu ni magazi. Dokota angakhale katswiri bwanji, magazi sapangidwa ku fakitale, ndipo mu firiji sapitilira masiku 42. Tsiku la ngozi agwiritsa nchito amene anaperekedwa masabata apitawo, osati anu amene mubwera nao mukulira. Ba Zambia National Blood Transfusion Service amadalira maningi ana a sukulu, ndiye ma holide magazi achepa, nthawi yomweyo imene mabasi a kum'mawa adzaza anthu opita ku Khisimasi. Atenga chabe 450 ml, yosakwana na botolo imodzi ya madzi ija mugula pa siteshoni.