Kachipangizo kakati si malungo, tizimva

Abale anga, sabata yatha mtsikana wina wa Folomu 2 anagona padesiki thupi litatentha. Anzake anayankhira pamodzi ngati kwaya: "Ndi malungo, aphunzitsi!" Kuchipatala anamubaya chala, ndipo patatha mphindi 20 panatuluka mzere umodzi wokha. Si malungo. Anamupeza ndi zilonda zapakhosi. Koma mayi ake anatuluka akung'ung'udza kuti awamana LA, n'kulunjika kukagula okha.

Mayiwo sindikuwadzudzula kwambiri. Ife a ku Machinga ndi Balaka timakhala pakati pa mtsinje wa Shire, nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, ndipo udzudzu tinakula nawo. Si pachabe kuti maboma awiriwa anali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kulandira katemera wa malungo mu 2019. Koma mantha asatichititse kuyesa kutentha thupi kulikonse malungo.

Kachipangizo kaja, kotchedwa mRDT, si matsenga. Ophunzira anga ndimawauza kuti aganize za koloboyi: palafini amakwera yekha m'chingwe popanda womukankha. M'kachipangizomo muli kapepala. Kadontho ka magazi ndi timadontho ta mankhwala zimayenda zokha m'timipata ta kapepalako. Ngati m'magazi muli puloteni ya tizilombo ta malungo, imagwidwa panjira n'kupanga mzere wachiwiri. Sikafuna magetsi a ESCOM kapena maikulosikopu. Bungwe la WHO linalangiza mu 2010 kuti munthu aziyezedwa asanalandire mankhwala a malungo, ndipo mu 2011 tizipangizoti tinafika m'zipatala zathu.

Tikumbuke kumene tachokera. Mu 1993 Malawi inasiya chloroquine chifukwa tizilombo tinali titamuzolowera. Tinatenga Fansidar, nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Kodi tikufuna LA nayenso timuthe mphamvu pomumwa ngati chiponde? Choopsa china n'chakuti mwana amene tikumumwetsa LA mwina ali ndi chibayo, taifodi kapena matenda oumitsa khosi. Ife tikuwerenga masiku atatu a mankhwala, matenda enieniwo akukula.

Ndivomereze, kachipangizoka kali ndi malire. Puloteni ija imatsalira m'magazi kwa masabata angapo munthu atachira, choncho mizere iwiri imatha kutuluka malungo atatha kale. Tizilombo tikakhala tochepa kwambiri, kamathanso kutiphonya. N'chifukwa chake thupi likapitiriza kutentha tibwerere kuchipatala, osati kugolosale.

Pempho langa ndi ili. Achipatala, musamangoti "mulibe malungo, kazipitani." Onetsani mayiyo mzerewo, mumuuze chimene mukuganiza kuti chikumuvuta mwana. Aphunzitsi anzanga, tiphunzitse zimenezi m'kalasi, ana akafotokozere makolo kunyumba. Ndipo inu mayi, akakuuzani kuti si malungo, funsani kuti: "Nanga ndi chiyani, adokotala?"

Mtsikana uja wabwerera m'kalasi Lolemba. LA uja, akuti, sanamwe.