Nyama yootcha ibwerere pakhomo

Makolo athu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwezi uno mlendo wathu wachokera ku Senegal, kumadzulo kwa Africa, ndipo watibweretsera kaotchedwe ka nyama ya nkhosa kotchedwa dibi.

Mumzinda wa Dakar, dzuwa likapendeka, utsi umayamba kufuka m'tinyumba ta m'mbali mwa misewu totchedwa dibiterie. Wogula amasankha nyama, ndipo wootcha amaiyesa pa sikelo, naidula ndi mafupa omwe, naiika pa waya pamwamba pa moto wa nkhuni kapena makala. Ikapsa amaiyala pa pepala lakhaki pamodzi ndi anyezi wambiri, masitadi ndi buledi. Onse amene adzera limodzi amazungulira pepala limodzilo, nadya ndi manja.

Kuno ku Chadiza nkhosa nzochepa, koma mbuzi zili ponseponse, kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala komwe. Mbuzi yaing'ono ilowa m'malo mwa nkhosa bwino lomwe.

Tengani kilo imodzi ya nthiti kapena mwendo, yokhala ndi mafuta pang'ono, muidule nthuli zapakati. Sinjani adyo, tsabola ndi mchere, mufinyiremo mandimu awiri, muthiremo masupuni awiri a mafuta ophikira. Pakani nyama yonse, muivundikire, ikhale pamthunzi ola limodzi. Kolezani mbaula, koma musafulumire: dikirani malawi athe, makala achite phulusa loyera pamwamba. Malawi amapsereza kunja, m'kati muli mwazi. Tembenuzani kawirikawiri kwa mphindi 30 kapena 40, kufikira mutabaya ndi mpeni patuluke madzi oyera. Pambali kazingani anyezi anayi odula mozungulira, osakaniza ndi masitadi, kapena madzi a mandimu ngati masitadi palibe. Sakanizani ndi nyama, muvundikire pang'ono kuti nthunzi iifewetse. Nsima iyenerana nayo monga buledi. Koma chiweto chodzifera chokha musachiyandikire, ngakhale chinenepe bwanji.

Tsono, abale, kuotcha nyama sikwachilendo kwa ife. Michopo timaidziwa. Chotidandaulitsa ndi malo amene imadyedwera. Kawirikawiri imadyedwa ku mowa, ndi abambo okhaokha, pamene ana amene adaweta mbuziyo m'dzuwa ndi m'mvula akudyera nsima masamba a maungu. Ndipo ngakhale mbuzi iphedwe pakhomo, si nthawi zambiri mbale ya ana imalandira mnofu. Chawo ndi msuzi ndi fupa. Kodi nkoyenera kuti woweta angomva fungo?

Anzathu a ku Senegal, amene ambiri mwa iwo ndi Asilamu, amatiphunzitsanso china. Pa chikondwerero cha Tabaski amapha nkhosa natumiza nyama kwa anansi awo achikhristu. Ikafika Sabata Loyera, Akhristu nawonso amawatumizira ngalakh, phala la mchewere losakaniza ndi chiponde ndi malambe. Kupatsa nkuika.

Choncho tikapha mbuzi ya Khirisimasi kapena ya ubatizo wa mwana, tiyeni tiyale mphasa, tiike nyama m'mbale imodzi yaikulu, agogo, amayi, abambo ndi ana tizungulire pamodzi, wamng'ono ayambe ndiye kusankha nthuli. Ndipo mbale ina, yovundikira bwino, ipite kwa amasiye a khomo loyandikana nalo.