Musamuweruze amene wanenepanso

Abale ndi alongo, mwina pa chakudya cha masana a Sabata kuno ku Indianapolis mwamvapo wina akunong'ona kuti, "Uja anaonda chaka chatha, taonani wabwereranso. Alibe kudziletsa." Ine ndikuti kuweruza kotere n'kulakwa.

Mafuta a m'thupi amatulutsa homoni yotchedwa leptin, imene Jeffrey Friedman ndi anzake anaitulukira mu 1994 ku Rockefeller University. Mukadzimana chakudya mwadzidzidzi, leptin imatsika. Ubongo umayesa kuti kwagwa njala, ndiye umachititsa chithokomiro, chija cha pakhosi, kuchepetsa ntchito, homoni ya T3 n'kutsikanso. Thupi limayamba kuumira mphamvu zake, njala n'kumakulirakulira. M'bale wanuyo akulimbana ndi thupi lake, si ulesi ayi.

Choncho musasiye nsima tsiku limodzi. Chepetsani mitanda pang'onopang'ono, onjezani nyemba ndi masamba, ndipo muziyenda ngakhale chisanu cha ku South Bend chitavuta. Ngati mukutopa ndi kuzizidwa nthawi zonse, pemphani adokotala ayeze TSH. Koma musamwe levothyroxine wa mnzanu kuti muonde, chifukwa akachuluka amathamangitsa mtima ndi kufooketsa mafupa.